Chidede chimaonongekera poyanika, osati kumunda

A Mkonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu tilankhuleko za chidede, poti nyengo yokolola yayandikira ndipo posachedwapa m'misika mudzazanso timapepala ta chidede chouma. Amene amagula kawirikawiri akudziwa kuti timapepalato sitifanana. Tina mumakhala chidede chofiira moderako, chonunkhira kuwawasa kwake, choti ukangoponya pang'ono m'madzi otentha kapu yonse imati psuu. Tina mumakhala chakuda bii kapena chotuwa ngati makoko a mtedza, chomveka fungo la m'thumba, ndipo ukamaliza kumwa pansi pa kapu pamatsala mchenga. Mbewu imakhala imodzimodzi, nthawi zina ngakhale munda umakhala woyandikana. Kusiyana konse kumabwera m'masiku owerengeka a pakati pa kudula ndi kutsekera m'thumba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mayi amene wasamalira mbewu yake miyezi isanu akuitaya m'masiku anayi chifukwa palibe amene anamuuza kayanikidwe kake.

Choyamba tigwirizane pa chimene tikukolola. Timangoti maluwa a chidede, koma duwa lenilenilo ndi lija lachikasu chotuwira, lokhala ndi diso lofiira pakati, lofanana ndi la therere kapena la thonje, poti mbewu zitatuzi ndi za banja limodzi. Duwalo limamasula m'mawa, pofika madzulo lafota, ndipo mawa lake kapena mkuja lagwa. Chimene chimatsala ndi khoko lofiira lomwe linagwira duwalo kunsi. Khokolo lili ndi nsonga zisanu, m'munsi mwake muli timanyanga ting'onoting'ono tozungulira, ndipo m'kati mwake mumakula kabulunga kobiriwira ka njere. Duwa likagwa, khoko limayamba kunenepa ndi kudzaza madzi owawasa. Khoko limeneli ndilo timayanika. Ndilo lomwe ku Senegal amapangira chakumwa chotchedwa bissap, ku Nigeria zobo, ku Sudan ndi ku Egypt karkade, ndipo ku Jamaica amamwa pa Khirisimasi n'kumati sorrel. Limanda, ngakhale masamba ake ndi ofiira ndi owawasa, khoko lake silinenepa choncho, ndiye asakunamizeni kuti n'chimodzimodzi.

Chidede chimachita maluwa masiku akayamba kufupika. N'chifukwa chake chodzalidwa ndi mvula yoyamba mu Disembala chimangokula masamba ndi nthambi mpaka cha mu Malichi kapena Epulo, kenako n'kuyamba kumasula kuchokera kunsi kwa nthambi kumakwera kunsonga. Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri pokolola: pa nthambi imodzi pamakhala makoko okhwima kunsi, anthete pakati, ndi maluwa amene akungomasula kumene kunsonga. Amene amadikira kuti tsinde lonse lithe kenako n'kulidula kamodzi ngati akukolola mapira amapeza zosakanikirana. Makoko akunsi amakhala atakalamba, olimba ngati chikumba, ena atayamba kale chuku tsinde lili chiimire, pamene akunsonga ndi ang'onoang'ono opanda mnofu. Njira yabwino ndi kuyendera mbewu pakatha masiku 7 mpaka 10 alionse n'kumadula okhawo amene afika. Kudulako kumathandizanso kuti mbewu ipitirize kubereka m'malo moika mphamvu zonse pa njere.

Khoko limafika pakatha milungu iwiri kapena itatu duwa litagwa. Limakhala lotupa, lonyezimira, lotalika masentimita 3 mpaka 5 malinga ndi mtundu wake, ndipo ukalifinya limamveka lolimba koma lamadzi. Kabulunga ka m'kati kamakhala kakadali kobiriwira. Mukaona kabulunga kasanduka kabulauni n'kuyamba kung'ambika kunsonga, mwachedwa, khoko limenelo lisiyeni likhale la mbewu. Mukafulumira kwambiri mumataya sikelo, chifukwa khoko la masiku asanu likauma limangotsala ngati kachikutu ka anyezi.

Dulani mame atauma, cha m'ma 9 koloko, ndipo musadule tsiku lomwe kwagwa mvula kapena kukuwaza. Madzi amene alowa pakati pa khoko ndi kabulunga satuluka msanga, ndipo ndi pamenepo pamene kuola kumayambira. Gwiritsani ntchito sizasi kapena kampeni kakuthwa, kudula kaphesi pafupi penipeni ndi khoko. Kukoka ndi manja kumasenda khungwa la nthambi, bala limenelo limalowetsa matenda, ndipo timaluwa tomwe tinali m'mwamba mwake timafota. Valani malaya a manja aatali, chifukwa mitundu yambiri ili ndi ubweya woyabwa, makamaka pa kabulunga. Ikani m'dengu kapena m'lichero, osati m'thumba la pulasitiki ayi. Makoko aawisi amapuma, ndipo akaunjikana mopanda mpweya amatentha okha. Pisani dzanja pakati pa thumba lomwe lakhala maola ochepa padzuwa mudzamva kufunda, ndipo likagona usiku umodzi m'mawa limatulutsa fungo ngati la masese. Fungo limenelo silichoka ngakhale mutayanika bwanji. Choncho dulani mlingo womwe mungathe kuchotsa njere ndi kuyanika tsiku lomwelo. Kuli bwino kudula ndowa ziwiri lero ndi ziwiri mawa kusiyana n'kudula zinayi, ziwiri n'kugona pakona.

Za kutsuka anthu amatsutsana. Ife tikuti ngati makoko adulidwa m'mwamba ndipo sanagwe pansi, palibe chifukwa chowanyowetsera. Koma a nthambi zakunsi, omwe mvula inawathira dothi, ndi a mbewu za m'mbali mwa msewu ayenera kutsukidwa, ndipo nthawi yake ndi asanachotsedwe njere, akadali athunthu. Kufiira kwa chidede kumasungunuka m'madzi. Mukatsuka mutadula kale, mudzaona madzi a m'beseni afiira, ndipo kufiira kumeneko ndi ndalama zanu zimene mukukataya kuseri kwa nyumba. Viikani mwachangu m'madzi oyera akumwa, vuulani, yalani pa lichero mphindi 30 kapena ola kuti madzi adonthe. Pomwepo chotsani masamba, tizitsotso, makoko obooka ndi mbozi, ndi onse amene ali ndi mawanga ofewa. Yang'anani m'munsi mwa timanyanga tija, ndi momwe mumabisala kodikodi ndi nsabwe. Tizilombo tofiira ta mawanga akuda timene timavutitsa thonje timakondanso chidede, ndipo timabisala m'kati mwa khoko.

Tsono ntchito yeniyeni, imene ambiri amaithawa, ndi kuchotsa kabulunga ka njere. Ena amayanika chathunthu poganiza kuti adzachotsa chikauma, kapena kuti sikelo ilemere. Kumeneko n'kudzinamiza. Kabulunga kamasunga madzi ambiri ndipo kamauma mochedwa kuposa khoko, ndiye kunja kumaoneka kouma pamene m'kati mukadali chinyontho. Mukatsekera m'thumba, chinyonthocho chimabwerera m'khoko ndipo pakatha milungu iwiri mumapeza chuku choyera ngati thonje. Komanso khoko likauma lili ndi kabulunga limakakamira, pochotsa limangofumbutuka, ndipo ubweya wa kabulunga umasakanikirana ndi chidede n'kumakereketa pakhosi pomwa.

Njira yosavuta ndi ya mpeni. Gwirani khoko nsonga zitaloza pansi, dulani mozungulira kunsi kwake pomwe panali kaphesi, ngati mukuchotsa kachivundikiro, kenako kankhani kabulunga ndi chala kuti katulukire kunsonga. Kapenanso ng'ambani khoko mbali imodzi kuchokera kunsonga mpaka kunsi, n'kulisenda ngati mukusenda nachesi. Long'ambalo limauma msanga chifukwa limayalika, koma lathunthu ndi limene limaoneka bwino m'paketi ndipo ogula ena amalikonda. Amene ali ndi chidede chochuluka apange kachida ka paipi yopyapyala, yotalika masentimita 12 mpaka 15, kukamwa kwake kwa sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, molingana ndi kukula kwa tibulunga ta mtundu umene mwadzala. Mbali imodzi muinole kapena muicheke timano. Mumaika kukamwako kunsi kwa khoko, kupotokola pang'ono uku mukukankha, ndipo kabulunga kamatulukira kutsogolo khoko n'kutsala lathunthu ngati kabelu. Dzanja likazolowera ntchito imathamanga kwambiri kuposa ya mpeni. Kansungwi kouma kosongoledwa bwino kamagwiranso ntchito, kungoti kamabuntha msanga.

Chitsulo chake chikhale chosachita dzimbiri. Madzi a chidede ndi owawasa kwambiri, ndipo akakumana ndi chitsulo wamba amachidya, m'mphepete modulidwamo n'kuda. Yesani nokha: dulani khoko limodzi ndi mpeni wadzimbiri wosendera chinangwa, lina ndi mpeni wonyezimira wa kukhitchini, muwaike pambali ola limodzi. Loyambalo mudzalipeza ndi mzere wakuda pomwe panadutsa mpeni. Pa chifukwa chomwechi, makoko odula asaikidwe m'ndowa ya malata kapena m'poto wa aluminiyamu. Beseni la pulasitiki loyera, lichero kapena mbale ya enamelo ndi zokwanira. Amene ali ndi bala pachala avale magolovesi kapena asiyire ena, chifukwa madziwo amaluma pabala, komanso chimenechi ndi chakudya cha anthu.

Pali cholakwika china chomwe chimachokera ku chizolowezi chabwino. Tinazolowera kuti ndiwo zamasamba timayamba tazifutsa m'madzi otentha tisanayanike, ndipo pa nkhwani, khwanya ndi chitambe zimenezo n'zoona. Koma chidede chakumwa sachifutsa. Mukachiviika m'madzi owira ndiye kuti mwaphika kale tiyi wake n'kumutaya, chotsalacho ndi makoko otuwa opanda kukoma. Musathirenso mchere, soda kapena chidulo. Soda ndi phulusa zimasandutsa kufiira kuja kukhala kobiriwira moderako, choncho ngakhale malo oyanikira akhale kutali ndi potayira phulusa.

Poyanika pakhale pa thandala, osati pansi. Thandala la msinkhu wa m'chiuno, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, limathandiza pawiri: nkhuku, agalu, mbuzi ndi fumbi la kumapazi sizifikapo, ndipo mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba pomwe. M'lifupi likhale mita imodzi kuti dzanja lifike pakati popanda kutsamira. Pamwamba yalani mphasa ya bango yoyera, kapena nsungwi zong'amba zoluka motalikirana pang'ono, kapena sefa wa pulasitiki ngati alipo. Makoko ayalidwe mzere umodzi, osasanjikizana. Pa malo a mita imodzi mbali zonse pamakwana makilogalamu atatu a makoko aawisi, osapitirira apo kwambiri. Ndiye kuti thandala la mamita atatu m'litali limanyamula makilogalamu 9 kapena 10, ndipo zimenezo zikauma zimatsala pafupifupi kilogalamu imodzi. Chiwerengero chimenechi chisakudabwitseni, khoko laliwisi pafupifupi lonse ndi madzi. Werengeranitu mathandala musanayambe kudula, chifukwa kuchepa kwa malo ndi kumene kumachititsa anthu kuunjika, ndipo kuunjika ndi kumene kumadetsa chidede.

Tinene mosabisa za zinthu zina zimene zimachitika m'midzi ndi m'matauni momwe. Kuyanika padenga la malata kumaoneka kwanzeru poti pamatentha ndipo nkhuku sizifikapo, koma malata masana amatentha mopitirira, khoko limapsa m'malo mouma, ndipo kuwawasa kwake kumadya malatawo n'kutenga dzimbiri ndi zitosi za mbalame. Kuyanika pa neti yogonamo n'koopsa: maneti amenewa ananyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, sanapangidwe kuti azikhudza chakudya, ndipo malo ake ndi pa bedi pomwe akuteteza ana ku malungo. Matumba amene munali feteleza kapena mankhwala a thonje asayandikire n'komwe, ngakhale mutawachapa. Chigafa cha fodya chimakopa chifukwa muli mthunzi ndi mphepo, ndipo mu Meyi ndi Juni zambiri zimakhala zopanda kanthu, koma chidede chouma chimayamwa fungo ngati siponji, ndipo fumbi la fodya si loti lilowe m'chakumwa cha ana. Ngati mukufuna mthunzi wotero, mangani kachisakasa kakekake ka udzu watsopano.

Nanga dzuwa kapena mthunzi? Apa m'pofunika kuganiza, chifukwa mbali zonse zili ndi vuto lake. Dzuwa limaumitsa msanga, masiku atatu mpaka asanu, koma kuwala kwake ndi kutentha zimafwifwitsa kufiira kuja monga zimachitira ndi chitenje chomwe chaiwalidwa pachingwe. Mthunzi umasunga mtundu bwino kwambiri, koma umatenga mlungu wathunthu kapena masiku 10, ndipo mpweya ukakhala wachinyontho chuku chimafika chidede chisanaume. Chimene timalimbikitsa ndi kuphatikiza. Tsiku loyamba, ndi lachiwiri ngati kuli kofunika, chikhale padzuwa kuti madzi apamwamba achoke msanga ndipo mabala odulidwa aja atseke, poti nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyi. Makoko akafota n'kukhwinyata, asamutsireni pa mthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena m'kachisakasa kopanda zipupa, amalizikire komweko. Amene alibe mthunzi wotero akunge nsalu yoyera yopyapyala pamwamba pa thandala, motalikira chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuti isakhudze makoko. Nsaluyo imachepetsa ukali wa dzuwa komanso imatchinga ntchentche. Kumadera otentha monga Salima, Mangochi, Karonga ndi kuchigwa cha Shire, mthunzi wokha umakwanira masiku ambiri. Kumapiri kozizira, monga Dedza ndi Ntcheu, dzuwa muzilifuna kwambiri.

Tembenuzani kawiri kapena katatu patsiku ndi manja osamba, makamaka masiku awiri oyamba pamene makoko amamatirira pa mphasa. Pomwe khoko lagona osasuntha pamachita banga lakuda. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 koloko, lowetsani m'nyumba mame asanayambe. Izi ambiri amazinyozera, koma usiku wa mu Meyi ndi Juni mame amagwa ambiri, ndipo chidede chomwe chauma masana n'kunyowa usiku, kuumanso n'kunyowanso, chimathera kuda ndi kutaya fungo. M'nyumbamo musachikute m'thumba chisanaume. Nyamulani ndi mphasa yomweyo muyale pamalo okwera, kutali ndi utsi wa kukhitchini.

Anzathu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre ali ndi mdani wina, chiperoni. Kukhoza kuchita nkhungu ndi kuwaza masiku atatu kapena anayi osaona dzuwa, ndipo imeneyi ndi nyengo yomwe chidede chochedwa chimakhala pa thandala. Mukaona kumwamba kwayamba kusonkhana ndipo mphepo yozizira yayamba kuomba kuchokera kummwera, musadule, khoko limasungika bwino pa tsinde kuposa pa mphasa yonyowa. Ngati chiperoni chakupezani mutayanika kale, yalani mopyapyala kwambiri m'chipinda chotsegula mazenera ndipo muzitembenuza pafupipafupi. Mbaula ya makala amene ayaka bwino, osafukanso utsi, ikhoza kuikidwa chapatali kuti mpweya ufunde, koma chipindacho chikhale chotsegula ndipo musagonemo munthu, chifukwa mpweya wa makala umapha. Kuyanika pamwamba pa moto wa nkhuni ayi: chidede chimatenga utsi ndipo palibe amene angamwe.

Kumadera otere choumitsira cha dzuwa chimathandiza, ndipo mmisiri wa matabwa aliyense akhoza kupanga. Ndi bokosi lokwezedwa pa miyendo, pansi pake popaka utoto wakuda, pamwamba pokutidwa ndi pulasitiki yoonekera mopendekeka, m'kati muli mathireyi a sefa. Chinsinsi chake ndi mabowo: ena kunsi olowetsa mpweya, ena kumwamba otulutsa nthunzi, onse otchingidwa ndi sefa kuti ntchentche zisalowe. Bokosi lopanda mabowo okwanira siliumitsa, limaphika. Mukaona timadontho ta madzi m'kati mwa pulasitiki, mpweya sukutuluka, kuzani mabowo. Kutentha kwa m'kati kukhale cha m'ma digiri 40 mpaka 45. Kukapitirira kwambiri apo mtundu umayamba kupita ku bulauni. Popanda choyezera, pisani dzanja masana: ngati simungathe kulisiya m'katimo momasuka, tsegulani kapena phimbani pamwamba ndi nsalu.

Kudziwa kuti chauma ndi pamene pamagwera anthu ambiri, chifukwa amaweruza ndi maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani khoko lalikulu, lonenepa kuposa onse, mulisiye lizizire pa mthunzi mphindi zingapo, kenako mulipinde kunsi kwake komwe kuli kochindikala. Louma limathyoka kuti thyo. Likangopindika ngati chikopa, likadali ndi madzi. Tapani dzanja lodzaza mufinye: chouma chimalira kuti tswatswa ndipo mukatambasula dzanja chimamwazika, chosauma chimakhala chete n'kugwirana. Musayese chikadali chotentha ndi dzuwa kapena m'mamawa kuli chinyontho, muyese masana chitazizira. Amene ali ndi sikelo ya kukhitchini apatule kagulu kamodzi pa lichero n'kumakayeza madzulo alionse. Kulemera kukasiya kutsika masiku awiri otsatizana, ntchito yatha. Ogula akuluakulu amafuna chinyontho chisapitirire 12 pa 100 alionse, ndipo khoko lomwe likuthyoka bwino limakhala lafika pamenepo.

Ngakhale zitatero, musathamangire kumata mapaketi. Makoko sauma mofanana. Thirani m'botolo lalikulu lagalasi louma kapena m'ndowa ya pulasitiki yotseka bwino, osadzazitsa, muike pamalo amdima masiku anayi kapena asanu, n'kumakhutchumula tsiku lililonse. Masiku amenewa chinyontho chotsalira chimagawikana. Mukaona nthunzi pagalasi, kapena makoko amene ankathyoka ayamba kufewa, bwezerani pa thandala tsiku lina limodzi. Mukapeza chuku, choyera, chobiriwira kapena chakuda, musapukute n'kuyanikanso kuti mugulitse. Mitundu ina ya chuku imasiya poizoni yemwe saphedwa ndi dzuwa kapena kuwiritsa, monga tonse tinamvera pa nkhani ya mtedza ndi chimanga. Chotero n'chotaya basi.

Mukatsimikiza kuti chauma, petani pa lichero kuti fumbi ndi ubweya zichoke, kenako sankhani. Makoko athunthu ofiira bwino pawokha, oduka pawokha, zofumbutuka pazokha. Zofumbutukazo si zotaya, zimatulutsa mtundu msanga ndipo n'zabwino pa tiyi wa pakhomo. Koma kusakaniza zonse pamodzi kumachititsa kuti thumba lonse ligulidwe pa mtengo wa zoipitsitsa zomwe zilimo.

Posunga adani ndi chinyontho, kuwala, fungo ndi tizilombo. Botolo lotseka, ndowa yokhala ndi chivundikiro chogwira, kapena thumba losalowa mpweya ngati la PICS kwa amene ali ndi chochuluka, zonsezi zimagwira ntchito. Thumba lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira chipupa, liikeni pa matabwa. Lisakhale chipinda chimodzi ndi usipa, sopo, parafini kapena fodya. Mankhwala a fumbi othira m'chimanga poteteza anankafumbwe asathiridwe m'chidede. Chimanga chimakonoledwa ndi kupetedwa, pamene chidede chimalowa m'kapu momwe chilili. Chouma bwino ndi chotsekeredwa bwino sichisowa mankhwala, ndipo chimafika nyengo ina yokolola chikadali ndi mtundu wake, ngakhale kuti chikapitirira chaka chimayamba kuzilala. Ogulitsa pamsika, timapepala toonekera tomwe mumayala padzuwa tsiku lonse timafwifwitsa katundu wanu pa milungu yochepa. Onetsani timapaketi tiwiri kapena titatu, tina tikhale m'katoni. Lembaninso mwezi ndi chaka chimene munayanika. Amene akufuna kulowetsa m'masitolo akuluakulu adziwe kuti kumeneko amafunsa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo ukhondo wa poyanikira ndi posungira ndi zina mwa zimene zimayang'anidwa.

Tibulunga tobiriwira tija musataye tonse. Mukatiwiritsa m'madzi pang'ono mphindi 20 n'kusefa, madzi ake amathandiza jamu wa chidede kugwira popanda kugula china chilichonse. Koma njere za tibulunga tobiriwira si mbewu, sizinakhwime. Mbewu imachokera pa mitengo itatu kapena inayi imene mwaisankha nyengo isanathe, ya makoko akuluakulu, ochindikala ndi ofiira kwambiri. Imangeni kansalu kuti ana asadule, muisiye mpaka tibulunga tiume ndi kuyamba kung'ambika, kenako dulani, yanikani pa lichero, pukusani ndi kusunga njere m'botolo louma. Kutola mbewu pa zotsalira za kumapeto ndi kumene kumachititsa kuti chidede chizicheperachepera chaka ndi chaka. Ndipo chaka chamawa musadzale pomwe panali chidede, therere, tomato kapena fodya ngati mizu yake inali ndi timatuza, chifukwa tinyongolotsi totupitsa mizu timagwira mbewu zonsezi.

Mwina wina afunsa za chiluwe, poti nachonso ndi maluwa a pakhomo amene timayanika. Malamulo a thandala, kutembenuza ndi kulowetsa madzulo ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti chiluwe n'chopyapyala, chimauma pa masiku awiri kapena atatu, ndipo pothyola muyenera kutenga maluwa aamuna okha, a kaphesi kakatali kopanda kadzungu kunsi, n'kusiyako ena kuti njuchi zipeze ufa wobereketsa maungu.

Tili ndi dandaulo kwa ogulitsa ena amene amalemba pa mapaketi kuti chidede chimachiza matenda a shuga, a mtima, a magazi ndi ena ambirimbiri. Chidede ndi chakumwa chabwino, ndipo n'zodziwika kuti chimatha kutsitsako kuthamanga kwa magazi pang'ono. Pa chifukwa chomwecho, amene akumwa kale mankhwala a BP ndi amayi oyembekezera afunse kuchipatala asanayambe kumwa chambiri tsiku ndi tsiku, ndipo wina asasiye mankhwala ake chifukwa cha zolembedwa pa paketi. Kufiira kwake sikutanthauza kuti kumasanduka magazi m'thupi. Katundu wabwino amadzigulitsa ndi mtundu ndi kukoma, sasowa mabodza.

Pempho lathu, a Mkonzi, lili kwa magulu atatu. Alangizi a zaulimi, amene amaphunzitsa bwino za kuumitsa chimanga ndi mtedza, aikeko chidede pa maphunziro awo a mu Malichi ndi Epulo, anthu asanayambe kudula, ndipo akaonetse thandala lenileni pamudzi osati kungofotokoza. Inu a nyuzipepala ndi a wailesi muzikumbutsa nkhaniyi nyengo yomweyo. Ndipo ogula, makamaka amene mumapikula kuti mukapange juwisi, tiyi, jamu ndi vinyo, siyani kugula chidede chonse pa mtengo umodzi. Mayi amene wakhala pansi masana onse kuchotsa njere khoko ndi khoko, n'kumalowetsa mphasa madzulo alionse kwa mlungu wathunthu, akalandira mtengo wofanana ndi wa amene anangothira chathunthu pabwalo, chaka chamawa nayenso adzathira pabwalo. Kuyesa sikuvuta ndipo sikutenga nthawi: pindani khoko limodzi mumve ngati likuthyoka, nunkhizani pakati pa thumba osati pamwamba pokha, kenako ponyani makoko asanu m'tambula yagalasi ya madzi otentha, mudikire mphindi zisanu, muone mtundu wake poloza kowala ndi zimene zadikha pansi.

Alimi ndi oyanika chidede,
Salima